Mafunso ndi Mayankho: Kandege kokumbukira agogo kakuoneka ngati chidole

FUNSO

Akulu, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndakhala kuno ku Johannesburg zaka 6, ndimagwira ntchito yaulonda usiku. Malemu agogo anga aamuna anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles) ndipo anakamenya nkhondo ku Burma. Tili ana ankatisimbira za ndege zomwe zinkadutsa munsimunsi, pamwamba penipeni pa mitengo, iwo ali m'matope. Mwezi wathawu ndinapeza kandege kapulasitiki kolumikiza wekha pamsika wa zinthu zakale, ka Hawker Hurricane, pabokosi palembedwa 1:72. Tinakamanga Loweruka limodzi ndi mwana wanga. Koma galasi la pomwe pamakhala woyendetsa lachita mbuu ngati diso la ng'ala, masitika akunyezimira m'mbalimbali, ndipo nditatumiza chithunzi kumudzi pa WhatsApp alongo anga anayankha kuti chidolecho nchokongola. Mtima unandipweteka, chifukwa ine sindinkafuna chidole, ndinkafuna chokumbukira agogo. Ndapezanso bokosi lina la Hurricane Mk IIC, sindinalitsegule. Ndichite bwanji kuti ulendo uno zikhale bwino?

Bambo a Madalitso, Turffontein

YANKHO

Bambo a Madalitso, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Bokosi lachiwirilo lisungeni kaye pamwamba pa kabati, ndipo koyambako musakataye. Ndi komwe muziyeserapo penti.

Munasankha ndege yoyenera. Mu 1944 asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika anatsika chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula yosalekeza, ndipo imodzi mwa ndege zomwe zinkaphulitsa pafupi ndi asilikali apansi kumeneko inali Hurricane. Ndi ndege yomwe mapulani ake anajambula Sydney Camm wa ku Britain, inauluka koyamba mu 1935, ndipo anapanga zoposa 14,000. Pofika 1944 inali itakalamba pankhani yolimbana ndi ndege zinzake m'mwamba, nchifukwa chake anaipatsa ntchito youluka munsi, ija agogo anu ankaisimba.

Tsono vuto lanu lonse lili pa nambala ili pabokosiyo. Mapiko a Hurricane yeniyeni, kuchoka kunsonga kufika kunsonga, ndi mamita 12 ndi pang'ono. Kanuko ndi masentimita 17. Fakitale inachepetsa ndegeyo ka 72, koma guluu, penti, fumbi ndi diso lanu sinazichepetse. Zimenezo muchepetsa ndinu. Ine ntchito yanga ndi yopopera penti magalimoto ku Booysens, ndipo ndinakulira ku Ndirande ndikupinda magalimoto a mawaya, matayala ake zitini za polishi. Pamawaya tinkalimbitsa pomanga kwambiri. Papulasitiki kameneka dzanja lolemera ndi lomwe limaononga. Penti yokhuthala theka la milimita pakandege kanu, pandege yeniyeni ndi phala lochindikala masentimita 3 ndi theka. Kadontho ka guluu kotuluka pamsoko ndi chibuluma chonga dzungu chitakhala paphiko. Diso la munthu limaona zimenezi ngakhale mwini wake sangazitchule, ndiye pakamwa pamangotuluka mawu oti chidole.

Musanadule kalikonse, tengani mwanayo tsiku lomwe muli pa ofu mupite ku Saxonwold, ku Ditsong National Museum of Military History, pafupi ndi kosungira nyama kuja. Malowa anawatsegula mu 1947 ndipo muli Hurricane yeniyeni, Spitfire, komanso ndege ya Germany yotchedwa Me 262, ya anthu awiri yomenya nkhondo usiku, yomwe ndi yokhayo yotsala ya mtundu wake. Anthu ambiri amathamangira ku Me 262. Inu mukaime pambali pa Hurricane, kumbuyo kwa pokhala woyendetsa, muyang'ane mopendeka. Muona kuti thupi lake kuchoka pamenepo kukafika kuchipsepse si lachitsulo ayi. Ndi nsalu yokokedwa pa timitengo, ndipo timitengoto timaonekera pansi pa penti ngati nthiti za ng'ombe m'mwezi wa Okutobala. Kutsogolo kokha ndi mapiko ndi komwe kuli malata ndi timisomali. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa ndinali nditamanga kale Hurricane ziwiri ndikukanda siliva thupi lonse kuti zioneke zakutha. Nsalu siikandika nkuonetsa chitsulo.

Pobwera kumeneko yambani ndi kutsuka pulasitiki yense m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kuti mafuta a kufakitale achoke. Zidutswa muzidula ndi lezala kapena chowengera zikhadabo, osathyola ndi manja. Chilichonse muyambe mwachiyesa chouma, chopanda guluu, muone ngati chikukumana bwino. Pomwe pakukana palani ndi sandipepa wosalala. Guluu wa pulasitiki si ulimbo, amasungunula mbali ziwirizo kuti zikhale chimodzi, ndiye wochepa kwambiri amakwana. Mumutenge ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano. Mukalumikiza mbali ziwiri za thupi, mangani ndi labala kapena zopanira zovala mpaka m'mawa, kenako palani msokowo mpaka chala chisamaumve. Mkati mwa pokhala woyendetsa mupenteretu musanatseke, mtundu wobiriwira motuwa.

Galasi lija linachita ng'ala chifukwa cha guluu. Ngati munagwiritsa supagulu, ndi nthunzi yake yomwe imakhala pagalasi nkuyera. Ngati anali guluu wa pulasitiki, anadya galasilo. Galasi timamata ndi guluu woyera wa akalipentala uja, chifukwa akauma amaonekera ngati madzi ndipo wotuluka mumangopukuta ndi kansalu konyowa. La koyambako yesani kulipukuta ndi mankhwala otsukira mano pakansalu kofewa. Ngati inali nthunzi chabe, liwala.

Za mitundu. Ndege za ku Burma pamwamba zinali zobiriwira modera ndi zofiirira ngati dothi, pamabotolo amalemba Dark Green ndi Dark Earth, pansi pake potuwa, Medium Sea Grey. Apa pali chinthu chomwe ndikufuna musachiphonye. Chizindikiro chozungulira cha ndege za Britain chimakhala ndi kadontho kofiira pakati, koma kumeneko anakachotsa kuyambira 1943, chifukwa m'liwiro la nkhondo kankafanana ndi dzuwa lofiira la pandege za Japan ndipo anthu akanatha kuombera anzawo. Zizindikiro zinatsala zazing'ono, buluu wodera kunja, buluu wowala pakati. Ndiye yang'anani pepala la masitika m'bokosi lanu. Ngati muli a buluu okhaokha, amenewo ndiwo a agogo. Ngati mulibe, amagulitsidwa paokha m'mashopu a zoterezi. Muonenso ngati muli kachidutswa kooneka ngati chibwano kokhala pansi pa mphuno. Ndi sefa yotchinga fumbi kuti lisalowe mu injini, ndipo ndege zambiri za kumaiko otentha zinali nayo. Mukadzaona ndege ya nthawi imeneyo yokhala ndi kadontho kaolenji m'malo mwa kofiira, musaganize kuti penti inasuluka, zimenezo zinali za asilikali a m'mlengalenga a South Africa.

Poti mukukhala ndi ana, gulani penti yosungunula ndi madzi, ya akiriliki. Tibotolo ting'onoting'ono ta Tamiya, Revell kapena Humbrol timakwana ndege zingapo. Isungunuleni ikhale ngati mkaka, osati ngati phala. Ulendo woyamba ioneka yamawangamawanga ndipo mtima ufuna kuwonjezera pomwepo. Musatero. Isiyeni iume, mubwereze kachiwiri, kachitatu, burashi ikuyenda mbali imodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mpweya wa kuno m'nyengo yozizira ndi wouma kwambiri moti penti imaumira paburashi musanamalize phiko, choncho muzikhala ndi kapu ya madzi pafupi, muzinyowetsa pafupipafupi. Mphepo ya Ogasiti ikayamba kunyamula fumbi la m'migodi, vundikirani kandegeko ndi kontena ya ayisikilimu mukangomaliza kupaka. Kafumbi kamodzi kakamatirira paphiko, pachithunzi kamaoneka ngati mwala.

Masitika ananyezimira chifukwa munawaika pa penti yosawala. Penti yotere ili ndi timabampu tosaoneka ndi maso, ndiye mpweya umatsekeredwa pansi pa sitika nkumaoneka ngati siliva. Pakani kaye vanishi wowala ndege yonse, aume tsiku lathunthu. Dulani sitika imodzi, muiviike m'madzi ofunda masekondi 10 kapena 15, muiike pambale mudikire. Musaikoke. Ikakonzeka imayamba yokha kuterera papepala mukaigusa ndi burashi. Donthezani madzi paphiko, bweretsani pepalalo pafupi, muikankhire pamalo ake ikuyandama, muiwongole, kenako muitsindike ndi kathonje kuchokera pakati kupita kunja kuti madzi ndi mpweya zituluke. Mawa lake pakani vanishi wosawala pamwamba pa zonse, kupatula galasi. Mudzaona chizindikiro chija chitalowa m'thupi la ndege ngati anachita kupenta.

Litsiro ndi lomwe limapatsa ndege moyo, komanso ndi pomwe ambiri timapyola muyeso. Palani nsonga ya pensulo pa sandipepa, mutenge ufa wakewo ndi burashi youma, mukoke kamzere kopepuka kuchoka pomwe pamatulukira utsi wa injini kulowera kumbuyo. Pomwe woyendetsa ankaponda pokwera, patsinde pa phiko lakumanzere, donthezani timadontho ta siliva tochepa ndi nsonga ya singano. Timatope pang'ono kumatayala ndi kunsi. Mukaona ngati mwachepetsa, pamenepo ndi pokwanira.

Tsopano chithunzi, chomwe ndi chimene chinakupwetekani. Ndikukhulupirira munaika kandegeko patebulo, inu mutaimirira, nkujambula kuchokera pamwamba ndi fulashi. Palibe munthu anaonapo Hurricane yoima pansi kuchokera pamenepo, kupatula mbalame. Agogo anu akanaima pambali pake, maso awo akanakhala mamita 1.6 kuchoka pansi. Gawani ndi 72, mupeza masentimita 2 okha. Diso la kamera liyenera kutsika kufika pamenepo. Tembenuzani foni dodolido kuti kamera ikhale kumunsi, m'mphepete mwake mugunde pansi, muitsamiritse pa njerwa kuti isagwedezeke. Musayandikire kwambiri, chifukwa mphuno idzaoneka bwino koma chipsepse chidzachita chimbuuzi. Bwererani m'mbuyo pang'ono, mukokere ndi zoom kawiri, mugunde pagalasi la woyendetsa pasikirini kuti kamera iyang'ane pamenepo.

Pansi pake pakhale pa sikelo yomweyo. Tengani katoni yolimba, muipake guluu woyera, muwaze dothi losefa ndi sefa ya tiyi, likauma mupake penti yofiirira yamadzimadzi, pena ndi pena kadontho ka vanishi wowala kuti paoneke ngati zithaphwi. Udzu weniweni usalowe pafupi, tsamba limodzi limatalika ngati bulugamu. Poweruka kuntchito m'mawa, dzuwa lisanakwere, ikani katoniyo pamwamba pa mpanda kapena padenga la galimoto pomwe kumbuyo kukuoneka mitengo yakutali ndi thambo basi, popanda mawaya a magetsi. Dzuwa la masana la kuno ndi laukali, limadetsa kunsi kwa mapiko. Ngati kunsiko kwada ngakhale m'mawa, mwanayo agwire pepala loyera chapafupi kuti libwezere kuwala. Jambulani zambiri, kuchokera kutsogolo chapambali, mphuno itakweza m'mwamba monga imakhalira ndege ya tayala lakumbuyo. Musankhe chimodzi, muyesenso kuchisandutsa chakuda ndi choyera. Chimenecho ndi chomwe mutumize ku Ntcheu, ndipo ngati kumudzi kuli chithunzi cha agogo atavala yunifolomu, apempheni alongo anu achijambule akutumizireni, muzisindikize zonse ziwiri zikhale mufulemu imodzi.

FUNSO

Bambo, mwana wa achemwali anga anapopera kandege kake ndi penti ya m'chitini ya magalimoto, ndipo mapiko achita makwinya ngati khungu la nkhalamba. Chalakwika nchiyani? Anapoperanso m'chipinda chomwe timagona.

Mayi a Tadala, Mayfair

YANKHO

Mayi, choyamba ndi cha m'chipindacho. Mnyamatayo asadzapoperenso m'nyumba, makamaka nyengo yozizira yomwe timatseka mawindo nkuyatsa hita ya palafini kapena kandulo magetsi akazima. Nthunzi ya m'zitini zimenezi imayaka moto ndipo imapweteka m'chifuwa. Ife kuntchito sitipopera popanda chotchinga kumphuno. Apopere panja, mphepo ikuchokera kumsana kwake.

Makwinyawo abwera chifukwa thina wa mu penti ya magalimoto ndi waukali, amasungunula pulasitiki wa tindege timeneti akagwa wambiri malo amodzi. Pomwe padyeka kale sipabwerera, koma ngati makwinya ndi osazama, adikire masiku atatu kuti paume gwa, apale ndi sandipepa wosalala woviika m'madzi, ayambirenso. Akafuna kugwiritsabe chitini, agule cha tindege chenicheni, achigwedeze mphindi ziwiri, aime patali masentimita 25 kapena 30, ayambe kupopera pambali pa ndege nkudutsa mofulumira osaima. Ulendo woyamba ukhale ngati mame chabe, pulasitiki azionekerabe. Adikire mphindi 15 asanabwereze, ndipo ayesere kaye pa supuni yapulasitiki.