Kodi khofi wa ku Brazil ndi wotsika popeza sawawasa?

FUNSO: Khofi wa ku Misuku amene ndimamwa amawawasa pang'ono ngati chipatso, pomwe wa ku Brazil amene ndinalawapo analibe kuwawasako. Kodi ndiye kuti ndi wotsika, kapena ali ndi kafeini wochepa? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Kafeini ndi wowawa, osati wowawasa, ndipo kuchuluka kwake kumadalira mtundu wa mtengo. Njere za arabica zimakhala ndi kafeini pafupifupi magawo 1.2 pa 100 alionse, pomwe za robusta zimakhala naye wochuluka kawiri. Dziko la Brazil limalima mitundu yonse iwiri, arabica makamaka ku Minas Gerais, chigawo chomwe chimatulutsa pafupifupi theka la khofi wa dzikolo, ndi robusta, yemwe eni ake amamutcha conilon, m'zigawo za Espírito Santo ndi Rondônia.

Kuwawasa kumene mukukumva kumachokera ku maasidi a citric ndi malic, omwe amamveka kwambiri m'njere zokhwima pang'onopang'ono kumapiri ozizira. Minda yambiri ya ku Brazil ili pamtunda wa mamita 800 mpaka 1,200, kutsika poyerekeza ndi ya ku Ethiopia yomwe ina imafika mamita 2,000, choncho zipatso za khofi zimapsa msanga. Komabe kusiyana kwakukulu kumabwera atakolola. Ku Misuku zipatso amazichotsa makoko, kuzivundika ndi kuzitsuka asanaziyanike, pamene alimi ambiri a ku Brazil amayanika chipatso chathunthu pabwalo lalikulu, popeza amakolola kuyambira Meyi mpaka Seputembala mvula itasiya. Njere youmira m'chipatso chake imapereka khofi wolemera m'kamwa, wokoma ngati mtedza ndi chokoleti, ndipo n'chifukwa chake okazinga khofi wa espresso, khofi wamphamvu wofulidwa ndi makina, amaikonda. Mukandifunsa ine, khofi wotere si wotsika ayi, wangokonzedwa mwa njira ina.

Pamene khofi wa ku Brazil amaonongekadi ndi pa bwalo loyanikira lomwelo. Makina okololera amagwetsa zakupsa, zaziwisi ndi zouma nthawi imodzi, ndipo zikapanda kusankhidwa bwino, njere zosakhwima zimachititsa khofi kumanga m'kamwa. Zipatso zikachedwa kuuma chifukwa cha chinyezi zimachita chuku, ndipo zikatero m'njere mumapangika mankhwala otchedwa trichloroanisole, omwe ngakhale atakhala ochepetsetsa amasiya fungo longa la m'chipatala. Akatswiri olawa khofi ku Brazil ali ndi magulu awo: wofewa bwino amamutcha mole, wotsatira dura, kenako riada, ndipo wa fungo lija ndiye rio. Chodabwitsa n'chakuti rio yemweyo ali ndi omugula okhazikika ku Turkey, ku Greece ndi m'maiko angapo a Aluya, kumene anthu anazolowera kakomedwe kake. Pofuna kupewa vuto la chukuli, mlimi amatembenuza zipatso kangapo patsiku mpaka chinyezi cha m'njere chitatsika kufika magawo 11 kapena 12 pa 100 alionse.

FUNSO: Bwanji mtengo wa khofi umakwera paliponse kukagwa chisanu ku Brazil? Wowerenga wa ku Limbe.

YANKHO: Pa matumba atatu alionse a khofi padziko lapansi, pafupifupi limodzi limachokera ku Brazil, motero zokolola zikachepa kumeneko palibe dziko lina lotha kudzaza mpatawo mwamsanga. Chisanu cha mu Julaye 1975 chinaumitsa minda ya m'chigawo cha Paraná kotero kuti ulimiwu unasamukira kumadera ofunda a kumpoto kwake, ndipo cha mu Julaye 2021 chinagwera Minas Gerais mitengo itafooka kale ndi chilala. Mtengo wobzalidwa kumene umatenga zaka pafupifupi 3 kuti ubereke, ndiye ogula amayamba kulimbirana khofi yemwe ali m'nkhokwe tsiku lomwe amva za chisanucho.