Kodi tilembe "leza" kapena "laser"?

Funso: Aphunzitsi, ndimagwira ntchito pakampani ina ya zamagetsi kuno ku Johannesburg. Tili ndi kachipangizo kam'manja koyezera ndi laser: ukakalozetsa pawaya kapena pakhoma, nambala imaoneka pompo. Ndikamalembera bambo anga kwathu ku Chikwawa, ndizilemba kuti "leza"? Nanga chimene timayezacho ndi utali kapena mtunda?

Yankho: Achimwene, pakamwa nenani "leza" monga mumanenera kale, palibe angakuletseni. Koma papepala ine ndimasiya laser. Dzina la Leza lili ndi mwini wake. Makolo ankatchula Mulungu kuti Leza, ndipo mpaka lero mvula ikakata timaona utawaleza, uta wa Leza. Palinso kuleza mtima, palinso lezala lometera ndevu. Mukawalembera madala kuti "tayeza khoma ndi leza", angadabwe kuti mwana wawo wayamba liti uneneri. Komanso laser ndi chidule cha mawu angapo achingerezi, ndipo chipangizo choyamba chotere anachipanga Theodore Maiman mu 1960. Kusintha zilembo n'kufafaniza chidulecho.

Funso lachiwirili ndiye lokoma. Utali ndi wa chinthu chimodzi: utali wa paipi, utali wa chingwe. Kachipangizo kanu sikayeza zimenezo mwachindunji. Kamaponya kuwala, kuwalako kumakagunda chinthu n'kubwerera. Popeza kuwala kumathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, kachedwedwe kake pa ulendo wopita ndi kubwerawu ndi kamene kamaulula kuti chinthucho chili patali bwanji. Umenewo ndi mtunda. Koma khutu la Mchewa likamva "mtunda" limayembekezera ulendo, ngati makilomita oposa 1,400 amene mawaya amayenda kuchokera ku damu la Cahora Bassa pa Zambezi, ku Mozambique, kudzafika ku siteshoni ya magetsi ya Apollo kufupi ndi Pretoria. Pa mamita atatu a pakati pa waya ndi nthambi ya mtengo, nenani mpata. Bambo anu amva msanga.

Ndiwonjezepo za madzi, poti kwanu n'kufupi ndi Kapichira, pomwe Egenco imapanga magetsi pa Shire. Chipangizo choikidwa pamwamba pa damu, choyeza kuchokera pomwe chili kukafika pamwamba pa madzi, chimakuuzani mlingo wa madzi, osati kuya kwake. Anthu amasokoneza ziwirizi. Shire amakokolola matope ambiri, ndipo matopewo akadikha pansi pa damu, mlingo ukhoza kuoneka wabwinobwino pomwe kuya kwachepa, madzi oyendetsa makina n'kukhala ochepa.

Pomaliza, ndakondwa kuti mwalemba "kuyeza" ndi z. Ambiri a kuno ku Gauteng amandilembera kuti "tikuyesa waya", ine n'kumaganiza kuti akuukoka kuti aone ngati uduke.