Kodi cheza cha nyukiliya chingathetse kashembe?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndimaweta ng'ombe pafupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, kumene kashembe amatisowetsa mtendere. Ndamva kuti asayansi amalimbana naye pogwiritsa ntchito cheza cha nyukiliya. Kodi sizingawononge nthaka ndi ziweto zathu? Mlimi, Nkhotakota

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma chezacho sichifika kumudzi. Akatswiri amaweta kashembe m'nyumba zofufuzira, kenako amawalitsa aamunawo ndi cheza cha gamma (mtundu wina wa cheza cha nyukiliya), chomwe chimawasandutsa osabereka popanda kuwasiyira cheza m'thupi. Akawamwaza m'tchire, amakwerana ndi aakazi, ndipo popeza wamkazi nthawi zambiri amakweredwa kamodzi kokha pamoyo wake, komanso amabala kamphutsi kamodzi pa nthawi, mbumba imatha pang'onopang'ono popanda kupopera mankhwala omwe amaphanso njuchi.

Pachilumba cha Unguja ku Zanzibar, kashembe woweteredwa mumzinda wa Tanga ku Tanzania ankamwazidwa ndi ndege mothandizidwa ndi bungwe loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse la IAEA, ndipo mu 1997 analengeza kuti watheratu. Kumeneko nyanja inathandiza kwambiri, chifukwa kashembe wina sakanatha kulowanso. Kwanuko nkhalango ilibe mpanda wotere, choncho musasiye misampha ya nsalu zabuluu ndi zakuda.