Slasha ya mamita 1.5 kapena ya 1.8 pa Massey Ferguson 135?

Bambo wina wolima ku Mchinji wandilembera pa imelo. Akuti ali ndi Massey Ferguson 135 yakale, ndipo akufuna slasha yomangirira kumbuyo kwa thirakitala, ija ya mipeni yozungulira pansi, yoti azitchetchera tsekera ndi tizitsamba pamunda womwe wagonera zaka zitatu. Wogulitsa wawaonetsa ziwiri, ya mamita 1.5 ndi ya 1.8, ndipo mtima wawo wagwa pa yaikuluyo. Atenge iti?

Bambo, tengani ya 1.5.

Chomwe chimazunguza mipeni ndi mphamvu yotuluka pa PTO, kachitsulo kozungulira kumbuyo kaja, ndipo imakhala yocheperapo poyerekeza ndi ya injini. Injini ya dizilo ya 135 ili ndi ma hp (muyezo wa mphamvu ya injini) pafupifupi 45, koma ofika pa PTO sakwana 40. Yanuyo yalima zaka zambirimbiri, ndiye yatsikakonso. Odziwa makinawa amawerengera ma hp 5 pa phazi lililonse la m'lifupi mwa slasha: ya mapazi 5 (ndiyo ya mamita 1.5) imafuna 25, ya mapazi 6 (ya 1.8) imafuna 30. Mwina munena kuti ndiye zonse ziwiri zikutheka. Pa kapinga wa pabwalo la mpira, indedi. Koma tsekera wa mu Epulo, wopitirira msinkhu wa munthu, wonyowa ndi mame, ndi nkhani ina. Ndinaonapo thirakitala yaing'ono itavekedwa slasha yoposa mphamvu zake: injini ikubuula, utsi wakuda uli tolotolo, mipeni yafooka. Udzu m'malo moduka unkangogona, m'mawa mwake wadzukanso. PTO imayenera kuzungulira ka 540 pa mphindi, ikatsika pamenepo mipeni imangopuntha udzu.

Nthawi yomwe mukuganiza kuti mupulumutsa ndi yochepa. Pa liwiro la makilomita 5 pa ola, ya 1.5 imatchetcha mahekitala 0.75 pa ola limodzi, ya 1.8 imatchetcha 0.9, osawerengera kukhota. Mukangotsitsa giya chifukwa injini yalemedwa, phindu lonselo lapita.

Palinso kulemera. Slasha imalendewera kutali kumbuyo, ndipo mukainyamula matayala akutsogolo amapepuka. Pokwera chulu kapena potsetsereka, chiwongolero chimasiya kumvera. Zimenezi ine zimandiopsa kuposa zonse. Ngakhale ndi ya 1.5, ikani zitsulo zolemetsa kutsogolo.

Yezaninso kuchokera kunja kwa tayala lakumbuyo kufika kunja kwa linzake. Ndi bwino slasha ikamaphimba mpata wonsewo, koma ikaperewera pang'ono musadandaule, udzu wopondedwawo muudula pobwerera.

Ndalama yomwe ikanapita pa kukula iikeni pa kulimba. Funsani wogulitsayo kuti giyabokisi yake imapirira ma hp angati, ndiponso imadula mitengo yonenepa bwanji. Zopepuka zimalekeza pa inchi imodzi, pomwe munda wogonera zaka zitatu uli ndi mphukira zoposa apo, komanso zitsa zobisala muudzu. Mpeni ukamenya chitsa, pali bawuti yofewa yomwe imayenera kuthyoka kuti giyabokisi ipulumuke. Ikathyoka, chonde musaikepo bawuti yolimba ija amakaniko ena amakonda, chifukwa chotsatira kuthyoka ndi giyabokisiyo. Ngati zitsa ndi zambiri, funsani slasha yokhala ndi slip clutch, kachipangizo komwe kamaterereka mpeni ukamenya chinthu cholimba, kuti giyabokisi ipulumuke popanda kuthyola bawuti.

Musanayambe, yendani m'mundamo wapansi, muzike ndodo pachitsa chilichonse, ndipo ana ndi ziweto zikhale kutali, pakuti mipeniyi imaponya miyala mwamphamvu kwambiri.