Tifunseni Zaluso: Msewu wa Panyanja, Chibakha Chachikasu ndi Ayisi wa ku Greenland

Mwezi uno mafunso ambiri abwera a zaluso zoikidwa panja makamaka za pamadzi, kaya ndi kutenthaku kaya. Tasankhapo asanu, enanu mudikire kope likubwerali.

A Mkonzi, pa gulupu yathu ya WhatsApp wina anaponya kavidiyo ka chinamtindi cha anthu akuyenda pamwamba pa nyanja pa chinsalu chachikasu, ena opanda nsapato. Ine ndikuti ndi zapakompyuta izi koma alamu anga akuti zinachitikadi ku Italy. Tabetcherana Fanta. Wawina ndani? — Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Bambo kagureni Fantayo, yozizira bwino, alamu anuwo akunena zoona. Zinachitika pa nyanja ya Iseo kumpoto kwa Italy kuyambira pa 18 Juni mpaka pa 3 Julayi 2016, masiku 16 okha basi kenako anaphwasula zonse. Dzina lake ndi The Floating Piers ndipo mwini wake anali mkulu wina wobadwira ku Bulgaria dzina lake Christo, yemwe zaka zambiri ankagwira ntchito limodzi ndi mkazi wake Jeanne-Claude. Maganizo amenewa anawayamba awiri cha m'ma 1970, anayesa kupempha chilolezo pa Río de la Plata ku South America sizinatheke, ku Tokyo Bay nakonso sizinatheke, mpaka mayiyo anamwalira mu 2009 asanazione. Bamboyo anadzamanga ali ndi zaka 81.

Kuti mumvetse mmene zinayandamira, ganizirani zigubu za pulasitiki zolimba za makona anayi, zokwana 220,000, zolumikizidwa pamodzi mpaka kupanga msewu wa makilomita atatu m'litali ndi mamita 16 m'lifupi. Pansi pa nyanja anamiza zisimenti zolemera matani oposa asanu chilichonse n'kumangirirapo zingwe kuti msewuwo usatengedwe ndi mphepo, ndiye pamwamba n'kuyala nsalu ija, masikweya mita 100,000. Nsaluyo ikanyowa imasintha mtundu kukhala yofiirira, ndiye m'mawa kumaoneka kwina masana kwina. Kunalibe zogwirira m'mbali ayi, m'mphepete munangopendekera kulowa m'madzi, funde likabwera msewu wonse umagwedera pansi pa mapazi, n'chifukwa chake mwiniwakeyo ankalimbikitsa anthu kuvula nsapato kuti amve bwino. Mabwato a opulumutsa anthu anali tcheru m'mbalimo ndipo kukachita chimphepo ankatseka.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi ichi. Pakati pa nyanja imeneyi pali chilumba chotchedwa Monte Isola, pamakhala anthu pafupifupi 2,000 omwe moyo wawo wonse amadalira boti kuti akafike kumtunda, ndiye kwa masabata awiri amenewo munthu ankangotseka chitseko n'kuyamba wapansi kupita ku Sulzano tsidya lina. Wa ku Likoma kapena Chizumulu akumva chomwe ndikunena. Kulowa kunali kwaulere, panalibe tikiti, ndipo ndalama zomangira, pafupifupi madola 17 miliyoni, Christo anazipeza yekha pogulitsa zojambula zake za pulaniyo, sankalandira za boma kapena za makampani ofuna kutsatsa malonda. Khalidwe limeneli anali nalo pa ntchito zake zonse.

Koma musaganize kuti zonse zinali myaa. Kunabwera anthu oposa 1.2 miliyoni m'timatauni tating'onoting'ono, sitima zapamtunda zochokera ku Brescia zinkadzaza mpaka nthawi zina kuziimitsa kaye, anthu kudikira maola ambiri padzuwa, ndipo ngakhale poyamba anati padzakhala potsegula usana ndi usiku anayamba kutseka usiku kuti akonze ndi kusesa. Atamaliza anazula chilichonse n'kupititsa ku mafakitale kuti akapangire zinthu zina. Ena amatsutsabe kuti pulasitiki yochuluka chonchi ya masiku 16 okha ndi kuwononga, ndipo sindikuwatsutsa kwenikweni, komabe munthuyu ankadziwa kuchotsa zake. Mu 1983 atazunguliza zilumba 11 ndi nsalu ya pinki ku Miami, gulu lake linayamba latola kaye zinyalala zokwana matani 40 pa zilumbazo. Pulani ina yoti ayale nsalu pamwamba pa mtsinje wa Arkansas ku Colorado anthu akumeneko anaikana zaka ndi zaka mpaka m'makhoti, kudandaula za nyama ndi nsomba, ndipo mu 2017 iye anaisiya yekha. Anamwalira mu 2020.

Nanga chibakha chachikulu chachikasu chija chimaoneka pa doko ku China, nachonso n'zaluso? Ine ndimaona ngati chidole cha mwana basi. — Mtsikana wa ku Zomba

Achemwali, ndi chidole cha mwana ndithu, anangochikulitsa. Anachipanga ndi Florentijn Hofman wa ku Netherlands ndipo chayenda madoko ambiri, ku Hong Kong chinafika mu 2013 chili chotalika mamita 16.5. Mwiniwake amati cholinga n'kusangalatsa anthu ndi kuwakumbutsa ubwana wawo, palibenso uthenga wina wobisika. Kwa ine chimakoma kwambiri chikaphwa. Ku Hong Kong komweko chinaphwa n'kugona chafufumimba pamadzi anthu n'kumadandaula ngati maliro, ku Keelung ku Taiwan chinaphulika tsiku lomaliza la 2013 anthu akuonerera, ndipo mu 2023 atabweretsa ziwiri ku Hong Kong chimodzi anachiphwetsa chifukwa cha kutentha. Zaluso? Eya, koma zopepuka, musavutike nazo mutu.

A Mkonzi, ine ndimaphunzitsa jogalafe ku sekondale. Ndinawerenga kuti wina ananyamula madzi oundana kuchokera ku Greenland kukaika mu tauni kuti anthu aone akusungunuka, eti pofuna kuchenjeza za kusintha kwa nyengo. Kodi si chinyengo chimenechi, kuwotcha mafuta a sitima ndi malole kuti ukalalikire zosamala chilengedwe? — Mphunzitsi wa ku Mzimba

Aphunzitsi mwafunsa funso lomwe anthu ambiri anamufunsa mwiniwakeyo. Ndi Olafur Eliasson, wa ku Denmark koma makolo ake ndi a ku Iceland, ndipo ntchitoyo, Ice Watch, anaichita ndi katswiri wa za miyala wa ku Greenland dzina lake Minik Rosing. Anayamba ku Copenhagen mu 2014, kenako ku Paris mu Disembala 2015 nthawi ya msonkhano waukulu wa za nyengo uja wa COP21, kenako ku London mu 2018. Ku Paris anaika zibuma 12 za ayisi mozungulira ngati manambala a wotchi kutsogolo kwa chinyumba chakale chotchuka cha Panthéon, ku London zinali 30.

Pomuteteza kaye, ayisiyo sanachite kukaswa ku phiri ayi, anali atagumuka kale akuyandama m'nyanja pafupi ndi Nuuk, likulu la Greenland, amakasungunuka ndithu ngakhale akanamusiya. Ndiye anthu a mu tauni omwe nkhani ya Greenland amangoimva pa TV anafika pomugwira ndi manja, ena kunyambita, ena kuika khutu n'kumamva kuthetheka kwa timpweya tomwe tinatsekeredwa mkatimo zaka masauzande zapitazo. Mwana amene anagwira ayisi ameneyo saiwala msanga, inu mukudziwa kusiyana kwa kulemba pa bolodi ndi kupita ndi ana kumtsinje.

Koma mbali yanu nayo ndi yoona. Zibumazo zinayenda m'makontena a fuliji pa sitima yapamadzi kenako pa malole, utsi wake unatuluka ndithu ndipo eniake anachita kuuwerengetsa n'kuulengeza poyera, sanabise. Funso ndi lakuti amene anaonerawo anasintha chani, ndipo limenelo palibe angaliyeze pa sikelo. Ine ndimaona kuti ambiri omwe amapita ku zoterezi ndi oti anakhulupirira kale, amakajambulitsa n'kubwerera. Mlimi wa ku Nsanje kapena msodzi wa pa Chilwa yemwe waona nyanja ikuuma mpaka mabwato kukhala pamatope safunika ayisi wochokera kutali kuti amuuze kuti nyengo yasokonekera.

Eliasson yemweyu anapsapo kale ndi madzi. Mu 2008 anamanga mathithi anayi ochita kupanga pa East River ku New York, amodzi pansi pa Brooklyn Bridge, mapampu kumakoka madzi a mumtsinje kukweza pamwamba pa zitsulo n'kumagwa. Zinadya madola 15.5 miliyoni. Vuto madzi a pamenepo ndi amchere, mphepo inkauluzira mcherewo ku mitengo ya m'mbali masamba n'kuyamba kupsa, mpaka anachepetsa maola oyatsa mathithiwo. Ophunzira anu muwapatse chitsanzo chimenechi akambirane, pali zonse, madzi amchere, mphepo, zomera ndi ndalama.

Ndimaperekeza alendo okasambira pansi pa madzi kuno ku Cape Maclear. Mlendo wina anandionetsa zithunzi za ziboliboli za anthu zili pansi pa nyanja ku Mexico. Sitingachite zomwezo kuno kuti alendo achuluke? — Mnyamata wa ku Chembe

Achimwene, zomwe munaonazo zili pakati pa Cancún ndi Isla Mujeres, malowo amawatchula MUSA, anayamba mu 2009 ndipo pali ziboliboli zoposa 500, zambiri za Jason deCaires Taylor wa ku Britain yemwe anayambira ku Grenada mu 2006. Ankatenga anthu enieni a kumaloko, asodzi, ana, amayi, n'kuwadinda thupi kuti apange chikombole, kenako kuthira simenti yapadera yosawononga madzi. Chifukwa chake chinali chakuti alendo anachulukitsa pa matanthwe amoyo a korali n'kumawathyola ndi mapazi, ndiye anafuna kuwakokera kwina, komanso korali watsopano amamera pa ziboliboli zomwezo mpaka nkhope kusazindikirikanso.

Kwanuko nkhani ndi ina. Nyanja yathu ilibe korali, ndipo nsomba za mbuna zili kale ndi miyala yake yomwe zimadyapo ndere, mtundu wina umapezeka pa chilumba chimodzi chokha osapezekanso kwina kulikonse pa dziko. Chimenecho ndiye chinapangitsa UNESCO kuika Lake Malawi National Park pa mndandanda wake mu 1984, ndipo ndi chimene mlendo wanuyo analipirira ndege. M'malo otetezedwa simungangomiza simenti mwa inu nokha, a zamapaki ayenera kuvomereza ndipo akatswiri a nsomba ayambe anenapo. Muganizirenso anthu akumudzi. Ku Maldives mu 2018 apolisi anaphwanya ziboliboli za Taylor yemweyu boma litanena kuti ndi mafano osemphana ndi Chisilamu. Tangoganizani msodzi akukoka chilimira m'bandakucha n'kukola mutu wa munthu wa simenti, nkhani yake ikafika kwa amfumu dzuwa lisanatuluke.

Ndife gulu la achinyamata ku Senga Bay. Pakatha Mother's Day gombe limadzaza mabotolo ndi majumbo, ndiye tikufuna tipange chinsomba chachikulu cha zinyalala zomwezo tiike pamchenga. Anzathu akutiseka kuti ndi misala. Tipitirize? — Achinyamata a ku Salima

Pitirizani ana anga, osekawo adzakhala oyamba kudzajambulitsa. Nthawi mwasankhanso bwino chifukwa zaluso zapanja zimafuna pomwe anthu ali kale. Ku Ulaya zimachuluka Juni mpaka Ogasiti pomwe iwo ali patchuthi cha dzuwa ife tikunjenjemera ndi chisanu, pomwe ku Sydney ku Australia nyengo yawo imayenda ngati yathu, ndiye chionetsero chawo cha Sculpture by the Sea chimachitika cha mu Okutobala ndi Novembala, ziboliboli pafupifupi 100 m'njira ya m'mbali mwa nyanja kuchoka ku Bondi kukafika ku Tamarama, chinayamba mu 1997 ndipo kuonera n'kwaulere. Mu 2006 wina anaikako galimoto yogulitsa ayisikilimu yooneka ngati yasungunuka ndi dzuwa n'kuyenderera pansi, anthu ankaseka kaye kenako n'kuganiza. Chinsomba chanucho chikhale chotero, chisakhale ulaliki.

Pafupi pompano ku Kenya anachita zazikulu. Ku Lamu mmisiri wa mabwato Ali Skanda ndi anzake anapanga chombo choyendera mphepo chotchedwa Flipflopi ndi pulasitiki yotola pafupifupi matani 10, kunja kwake anamata masilipasi akutha 30,000, ndipo mu 2019 chinayenda mpaka ku Zanzibar. Ku Nairobi mu 2022 Benjamin Von Wong anaimika chimpopi chachikulu m'mwamba chikukhuthula mabotolo otoledwa ku Kibera, pakhomo pa msonkhano wa United Nations womwe unagwirizana zoyamba kukambirana pangano lothana ndi pulasitiki.

Tsono zoti musamale. Yambani mwaonana ndi amfumu, komiti ya pagombe ndi akhonsolo, komanso asodzi akuuzeni pomwe sayanika makoka ndi usipa. Mafupa a nsombayo akhale a chitsulo kapena nsungwi zokhwima zozikika mozama, mabotolo muwatsuke, muwaboole n'kuwatunga pa waya osati kumata ndi guluu, apo ayi chimphepo chikabwera mudzawatola ku Mozambique. Majumbo opyapyala asiyeni, amanyenyeka ndi dzuwa masabata ochepa n'kuulukira m'madzi momwemo. Muike kumtunda ndithu chifukwa mwaona nokha mmene nyanja inakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo, ndipo ku Sydney komwe mafunde anaphwanyapo ziboliboli zina pamchenga mu 2016. Mugwirizanenso tsiku lophwasula musanayambe n'kumanga komwe, mvula yoyamba isanagwe, ndipo mupeze woti adzatenge mabotolowo, kaya ogula zamapulasitiki kaya amayi othiramo thobwa ngati ena mwawasiya osaboola. Mukamaliza titumizireni chithunzi tidzachiike pa tsamba lino.