Njerwa za pasukulu, nkhuku ya a nyakwawa, ndi ngongole yomwe nzika ili nayo

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwalemba kuchokera kumudzi wina wa mbali ya ku Thondwe kuti chaka chatha inu ndi anzanu munaumba njerwa zomangira nyumba ya aphunzitsi, ndipo banja lililonse linasonkha ndalama ya simenti. Mpaka lero pamalopo pangomera udzu, uvuni unagumuka ndi mvula, ndipo a komiti sanawerengepo ndalamazo pagulu. Chaka chino atalengeza kuti muumbenso, inu munakana. Tsopano a nyakwawa akulipiritsani nkhuku, akuti mukapanda kupereka dzina lanu lifufutidwa pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo, ndipo mwana wanu wa Sitandade 5 anabwezedwa kusukulu chifukwa simunapereke ndalama ya chitukuko. Kumapeto mwafunsa kuti, kodi imeneyi si thangata? Nanga boma ndili nalo ngongole yanji, poti limandikumbukira nthawi ya chisankho yokha?

Ndiyamba ndi mwanayo, chifukwa tsiku lililonse lomwe akukhala pakhomo silidzabwereranso. Gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu wa maphunziro kwa munthu aliyense. Sukulu za pulayimale za boma zinakhala zaulere mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso okakamiza. Ndalama ya chitukuko ndi chopereka chomwe makolo amagwirizana. Si fizi, ndipo mwana sangatsekeredwe kunja kwa kalasi chifukwa cha mkangano wa akuluakulu. Mawa lomweli mutengeni mupite naye kwa a hedi. Lankhulani nawo mwaulemu, muwauze kuti mwabweretsa mwana kuti alowe m'kalasi, ndipo ngati akukana akulembereni chifukwa chake papepala. Gawo 43 limakupatsani ufulu umenewo: wogwira ntchito ya boma akapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, ayenera kukupatsani zifukwa zolembedwa. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, poti ndi ochepa amene amafuna kusayina dzina lawo pansi pa chinthu chomwe akudziwa kuti n'cholakwika. Akakanabe, pitani kwa a PEA (mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale) ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a dera lanu, ndipo zikavuta kumeneko, ku ofesi ya maphunziro kuno ku Zomba.

Za feteleza sindichedwapo. Ndondomeko imeneyi imayendetsedwa ndi unduna wa zaulimi ndi ndalama za anthu onse, ndipo ili ndi zoyenereza zake. Kuumba njerwa si chimodzi mwa zimenezo. A mfumu akamathandiza kulemba mayina amakhala akugwira ntchito ya boma, choncho sangasandutse mndandandawo mkwapulo wolangira amene asemphana nawo. Dzina lanu likasowadi, kafunseni kwa alangizi a zaulimi kuti lachoka bwanji, ndipo mulembere DC, bwanamkubwa wa boma lino.

Nkhuku ndiyo ikufuna kufotokoza mosamala. Malamulo athu sanataye mwambo. Mafumu ndi ovomerezeka pansi pa lamulo la mafumu la 1967, ndipo bwalo la mfumu limayanjanitsa anthu ambiri kuposa amene amafika kukhoti ya majisitireti. Chindapusa cha pamudzi chimayenda ndi kuvomerezana: wolakwa amapereka kuti mtendere ubwerere. Koma mfumu ilibe mphamvu yotsekera munthu m'chitolokosi, yotumiza anyamata kudzagwira chiweto m'khola mwanu mwaukali, kapena yokusamutsani m'mudzi chifukwa mwakana kulipira. Gawo 28 limaletsa kulanda katundu wa munthu mopanda chilungamo, ndipo gawo 39 limateteza ufulu wanu wokhala pomwe mukukhala. Ngati mukuona kuti chigamulocho sichinayende bwino, makamaka ngati sanakupatseni mpata wodziyankhira, kadandauleni kwa a gulupu, kenako kwa a T/A. Njira imeneyi ndi ya mwambo womwewo, ndipo palibe amene angati mwanyoza ufumu poitsata.

Tsopano ku funso lanu lalikulu, lomwe kwa ine ndilo fupa la kalata yonseyi.

Liwu loti thangata simunalitchule mwangozi, ndipo kwanuko lili ndi mabala enieni. Poyamba kuthangata kunali kuthandizana basi, monga anthu amachitira pa dima. Azungu a m'maesiteti a m'mapiri a Shire analitenga liwulo n'kulipatsa tanthauzo lina: munthu wokhala pamalo awo azigwira ntchito m'munda mwawo m'malo mwa lendi, pamwamba pa msonkho wa nyumba womwe boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali kuno ku Zomba, linkatolera kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Ku Magomero, komwe si kutali ndi kwanu, n'komwe nkhanza za thangata zinatchuka kwambiri, ndipo n'komwe anthu a John Chilembwe anakantha mu Januwale 1915. Wogwira thangata sankafunsidwa maganizo, phindu la thukuta lake linkapita kwa wina, ndipo akakana ankagwetseredwa nyumba. Titalandira ufulu mu 1964, mtolo unangosintha maonekedwe. Akuluakulu a msinkhu wanu akukumbukira ayufi ataima pakhomo la msika kapena pa basi kufunsa khadi la chipani, ndipo ndende ya Mikuyu, kuno kwathu konkuno, inasunga anthu zaka zambiri osaonekera kukhoti. Masiku amenewo munthu anali ndi udindo wambiri ku boma, koma boma linalibe choyankha kwa iye.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994, omwe anabwera pambuyo pa kalata ya maepiskopi ya Marichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993, analembedwa ndi anthu omwe zimenezi anaziona ndi maso. N'chifukwa chake gawo 12 limayamba ndi kunena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo ziyenera kugwiritsidwa ntchito potumikira ndi kuteteza anthuwo basi. Limapitiriza kuti aliyense wogwiritsa ntchito mphamvu za boma wangosungizidwa, ndipo ulamuliro wake umadalira kuti anthu apitirize kumukhulupirira, zomwe zimatheka pokhapokha zinthu zikuchitika poyera ndipo atsogoleri akuyankha akafunsidwa. Taganizani za munthu amene mwamusungiza mbuzi. Akhoza kuziweta, kuzimanga, kuzitsekera m'khola, koma mwini akabwera kudzafunsa kuti zaswa zingati, sangamuyankhe kuti ufunsiranji. Wa komiti ya sukulu, khansala, phungu, ngakhale mtsogoleri wa dziko, onse ali pamalo a wosungizidwa uja. Inu ndinu mwini mbuzi.

Koma gawo 12 lomweli lili ndi mbali ina yomwe inawonjezedwa mu 2010, ndipo ndikanakunamizani ndikanaibisa. Limati munthu aliyense ali ndi udindo kwa anthu anzake, kwa banja lake, kwa anthu a m'dera lake ndi ku dziko. Ndipo ngakhale gawo 27 limaletsa ntchito yokakamiza, lamulo la ntchito la 2000, potsatira pangano la mayiko la 1930, silitenga ntchito zing'onozing'ono za pamudzi ngati ntchito yokakamiza, malinga ngati zikupindulira anthu a pamudziwo mwachindunji ndipo anthuwo anafunsidwa kaye ngati ntchitoyo ikufunika. Choncho yankho langa ndi lakuti kuumba njerwa za sukulu yomwe mwana wanu amaphunzirapo, pakokha, si thangata. Chomwe chimasiyanitsa ziwirizi ndi mafunso awiri: kodi munafunsidwa, ndipo kodi phindu likubwerera kwa inu? Ngati panali msonkhano wa makolo n'kugwirizana, ntchitoyo ndi yanu. Ngati anthu atatu anangopangana kuseri n'kutumiza wolengeza, ndipo njerwa za chaka chatha sizikudziwika komwe zinathera, ndiye kuti ntchitoyo yayamba kufanana ndi chija makolo anu ankadana nacho, ndipo kudandaula kwanu kuli ndi maziko.

Apa ndikuuzeni maganizo anga, osati lamulo. Ndikuona kuti munalondola pokwiya, koma munasankha chida chofooka. Mutakana kuumba nokha, a komiti sanataye kalikonse. Anangopeza munthu woloza chala, nkhani n'kuchoka pa ndalama ya simenti n'kukhala ya bambo wokanika uja. Aphunzitsi akupitirirabe kuchita lendi kutali, kufika pasukulu mochedwa nthawi ya mvula, ndipo olephera mayeso ndi ana anu omwe, osati ana a ku unduna. Ngongole yomwe mukufunsayo mbali yake yaikulu muli nayo kwa anansi anu ndi ana awo, ndipo boma ndi chiwiya chomwe tonse tinagwirizana kuti tizilipirira ngongole imeneyo. Mukunena kuti limakukumbukirani pachisankho pokha, komatu limakukumbukirani tsiku lililonse: mukagula yunitsi ya foni kapena katundu wambiri wa m'golosale mumalipira msonkho wa VAT, ndipo mukakwera minibasi kupita ku tauni, mu mtengo wa mafuta muli ndalama yokonzera misewu. Gawo 171 limati palibe msonkho womwe boma kapena khonsolo ingatolere popanda lamulo lololeza. Munthu amene akulipira chotere sapempha chifundo akafunsa za ndalama. Ndipo kufunsako ndi udindo wa unzika wolemera mofanana ndi kuponda dothi la njerwa, mwinanso kuposa, chifukwa oumba njerwa alipo ambiri koma ofunsa buku la ndalama ndi ochepa. Kuvota sikokakamiza m'dziko muno, palibe adzakumangeni mukakhala pakhomo, koma khansala wa wodi yanu amakhala pa msonkhano wa khonsolo pomwe za chitukuko zimagamulidwa, ndipo amadziwa midzi yomwe imatuluka kukavota ndi yomwe siituluka.

Nayi njira yomwe ndingakulangizeni. Musayende nokha. Pezani makolo anzanu omwe anasonkha chaka chatha, ngakhale asanu kapena khumi, mulembe kalata imodzi kwa wapampando wa komiti ya sukulu, makope apite kwa a hedi, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), a nyakwawa ndi a VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi). Kalatayo ikhale yaifupi, ndipo ipemphe msonkhano wa makolo onse pomwe adzawerenge kuti anasonkha ndi mabanja angati, zinakwana ndalama zingati, zinagula chiyani, malisiti ali kuti, ndipo yatsala ili m'manja mwa ndani. Lembani tsiku, sayinani nonse, ndipo wolandira asayine pa kope yanu. Munenemo poyera kuti ndinu okonzeka kuumba njerwa nkhani ya chaka chatha ikamveka. Chiganizo chimenechi chidzakutetezani kwambiri pabwalo la a gulupu, chifukwa chikusonyeza kuti simukukana chitukuko.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena motsindika chifukwa ndaonapo anthu olungama akuluza milandu pa chifukwa chomwechi. Musatchule munthu kuti wakuba pamsonkhano, pamaliro kapena pa gulu la WhatsApp musanaone mabuku. Akhoza kukusumirani mlandu woipitsa mbiri, nkhani n'kutembenukira inu. N'kutheka kuti ndalamayo inadyedwa, n'kuthekanso kuti sinakwane simenti itakwera mtengo ndipo a komiti anachita manyazi kunena. Funsani mafunso, manambala adzalankhula okha.

Akapanda kuyankha pakatha milungu iwiri kapena itatu, tengerani kope yanu ija kwa a PEA ndi kwa khansala, ndipo pemphani kuti nkhaniyi ikambidwe ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la a T/A. Muli ndi chida chinanso chomwe anthu ambiri sachidziwa. Gawo 37 limapereka ufulu wopeza uthenga womwe uli m'manja mwa boma, ndipo lamulo lake linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mukalemba pempho ku ofesi ya boma, monga khonsolo, kufunsa ndalama zomwe sukulu yanu inalandira kuchokera ku boma ndi momwe zinagwirira ntchito, ayenera kukuyankhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana kapena akangokhala chete, bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamulo limeneli. Ofesi ya Ombudsman, yomwe inakhazikitsidwa ndi malamulo a 1994 omwewo, imalandira madandaulo a anthu omwe achitiridwa zopanda chilungamo ndi maofesi a boma, ndipo simulipira kanthu. Mabuku akadzaonetsa kuti ndalama inasowadi, pamenepo ndi nkhani ya kupolisi, ndipo mudzapite ndi mapepala, osati mphekesera.

Khoti ikhale yomalizira, poti inu ndi a komitiwo mudzakumanabe pamaliro ndi pachitsime. Koma mudziwe kuti ngati mukufuna Khoti Yaikulu iunikenso chiganizo cha ofesi ya boma, monga kukuchotsani pa mndandanda popanda chifukwa, pempho liyenera kulowa msanga, pasanathe miyezi itatu chiganizocho chipangidwire. Amati mlandu suola, koma wa mtundu umenewu umaola ndithu mukazengereza. Khoti Yaikulu ili ndi nthambi kuno ku Zomba, ndipo a Legal Aid Bureau, omwe amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ali ndi ofesi kunonso. Popita kumeneko mutenge chitupa chanu cha unzika, kope ya kalata ija, kapepala kalikonse kosonyeza kuti munasonkha chaka chatha, ndi mayina a anthu awiri omwe analipo pomwe a nyakwawa ankanena za feteleza. Mawu amenewo alembeni lero m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi malo omwe ananenedwera, mutu usanayambe kusakaniza.