Pambuyo pa touchdown: pointi imodzi kapena mapointi awiri?

Bambo wina amene wangoyamba kumene kutsatira mpira wa ku America wandilembera imelo kufunsa chifukwa chimene matimu ena, akapeza touchdown ya mapointi 6 (kulowetsa mpira m'chigawo chogoletsera cha anzawo), amasiyira pointi imodzi yomenya mpira pakati pa mitengo n'kuyesa kuwulowetsanso m'chigawo chogoletsera kuti apeze mapointi awiri. Iwo akuona ngati limeneli ndi dyera chabe.

Bambo, si dyera ayi, koma masamu. Ligi yaikulu ya mpirawu ku America, ya NFL, inavomereza njira ya mapointi awiri mu 1994, ngakhale kuti kwa zaka zambiri makochi ankaipewa, popeza pointi yomenya inkalowa pafupifupi maulendo 99 pa 100 alionse. Mu 2015 malo oyambira pa pointi yomenya anawabweza kufika pa mzere wa mayadi 15, kotero womenya amatumiza mpira mtunda wa mayadi 33, ndipo tsopano umalowa maulendo pafupifupi 94 pa 100. Kuyesa mapointi awiri kumayambira pa mayadi awiri okha, koma kumatheka mochepera pang'ono theka la maulendo onse. Mukawerengetsa mupeza kuti njira ziwirizi zimabala pafupifupi zofanana, choncho kochi amayang'ana kusiyana kwa mapointi ndi nthawi imene yatsala.

Taganizirani timu imene ikutsalira ndi mapointi 14 masewero ali pafupi kutha, kenako n'kupeza touchdown. Ikayesa awiri n'kutheka, yatsalira ndi 6, ndipo touchdown yachiwiri pamodzi ndi pointi yomenya zidzaipatsa chipambano. Ikalephera, yatsalira ndi 8, ndipo idakali ndi mwayi woyesanso kuti ifanane mphamvu ndi anzawo. Kochi amene wamenya maulendo onse awiri wangodzigulira nthawi yowonjezera, yomwe angaluzenso. Ine ndimaona kuti ambiri amasankhabe kumenya poopa atolankhani, chifukwa wolephera mwa chizolowezi sanyozedwa kwambiri.

Nthawi zina chisankho chimachita kukukakamizani. Pa Super Bowl LI, masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL, mu 2017, New England Patriots inali kutsalira 28-3 kwa Atlanta Falcons, ndipo itapeza touchdown yoyamba, womenya wake Stephen Gostkowski anaphonya pointi yomenya. Timuyi inayesa mapointi awiri kawiri, kudzera mwa James White kenako Danny Amendola, ndipo maulendo onsewo zinatheka, masewero n'kufika pa 28-28. Inapambana 34-28 m'nthawi yowonjezera.